Mayina Makumi Anayi, Dzanja Limodzi

Abale, musandiombere m'manja ndisanayankhule, mwina mukamva nkhani yanga mudzafuna kubweza manja anuwo. Dzina langa ndine Lackson Banda, ndimakhala konkuno ku Kabwata, kuseri kwa msika. Atsogoleri a gulu lino andiuza kuti ambiri mwa inu mwabwera ndi makalata m'matumba, makalata aja ochokera kwa maodita, anthu ofufuza mabuku, onena kuti ntchito imene munagwira sakuivomereza ndipo salipira. Ena mwawapinda kanayi, ena simunawatsegule n'komwe. Sindikusekani. Yanga ndinaiwerenga kamodzi kokha, kenako inagona m'Baibulo milungu isanu ndi iwiri, pa buku la Yobu, ngati kuti Yobu ndiye adzaiyankha.

Ndiyambe ndi dzanja ili. Mulungu sanandipatse msinkhu, mukuona nokha, ndipo kwaya inandikana kawiri. Koma anandipatsa dzanja lolemba. Ku sukulu kwathu ku Katete aphunzitsi ankayendetsa kope langa m'kalasi monse kuti ena aone. Nditabwera ku Lusaka ndinakhala mlembi wa mpingo wathu zaka khumi ndi ziwiri. Inu a kum'mawa mukudziwa m'mene timachitira pamaliro. Munthu akabwera ndi chipepeso sagwira cholembera. Amagwada, n'kunong'oneza dzina lake, mlembi n'kulemba. Munthu wamkulu sumupatsa cholembera pagulu, mwina salemba, ungamuchititse manyazi pamaso pa ana. Ine ndinakulira m'mwambo umenewo, ndipo kunena zoona ndinkaukonda, chifukwa unkaika buku m'manja mwanga.

Tsono bungwe lina la ku Kabulonga, la mpanda wautali ndi mlonda wa pageti, linandipatsa kontrakiti. Ntchito yake inali kukonza maphunziro a ukhondo, masiku asanu, a azimayi ogulitsa zakudya ku City Market. Ine ndipeze holo, ndiphikitse chakudya, ndipo tsiku lililonse ndipatse mayi aliyense ndalama ya minibasi. Anandipatsa pang'ono poyambira, zina nditulutse ndekha, adzandibwezera ndikapereka mapepala. Mkazi wanga Esnart anali atangolandira chilimba chake cha kuntchito, ndalama zija anzake amasonkherana mwezi ndi mwezi. Anazipereka zonse m'manja mwanga osafunsa kawiri.

Azimayi anabwera makumi anayi. Polandira ya minibasi panali fomu, aliyense alembe dzina, nambala ya reji, chiphaso chija cha boma, ndi siginecha. Tsiku loyamba mzere unafika pakhomo, onse akufulumira chifukwa anasiya matebulo awo kumsika. Woyamba pamzere anali mayi wachikulire wogulitsa mtedza wokazinga, Amai Zulu. Anagwira cholembera, n'kuyang'ana pepala, n'kuyamba kufufuza m'chitenje. Ine mtima wa umlembi unandigwira. Ndinati, "Lekani amai, nizakulembelani." Ndinawalanda cholembera bwinobwino, ndikumwetulira. Nditalembera mmodzi ndinalembera onse, mayina, manambala, mpaka ndi pa malo a siginecha pomwe, masiku onse asanu. Mapepala amenewo anali okongola, abale. Powapereka ku ofesi ndinkaganiza kuti andiyamikira.

Panapita miyezi itatu ndikuuzidwa kuti bwerani sabata yamawa. Kenako m'nyengo ya mphepo ndi fumbi ija kalata inafika. Inanena kuti mayina onse makumi anayi alembedwa ndi dzanja limodzi, choncho palibe umboni woti anthuwo analipo. Zonse zimene ndinapempha zakanidwa, ndipo zimene anandipatsa poyamba ndibweze. Mlonda wa pageti, amene kale ankandiimirira, anandinong'oneza kuti mkatimo akuti ndinadyetsa mizukwa.

Kuchokera pamenepo ndinatsika mofulumira. Ndinali ndisanalawepo mowa chikwatirire, koma sabata yomweyo ndinadziwa khomo la shabini iliyonse kuchokera pano mpaka ku njanji. Nkhani inafika ku mpingo. Akulu awiri anabwera kunyumba, anamwa tiyi, anapemphera, kenako anapempha buku la mpingo kuti aliyang'anire mpaka nkhani iyere. Ndinawapatsa ndi cholembera chomwe. Esnart anapirira mwezi umodzi. Tsiku lina anandipeza ndagona pakhonde masana dzuwa likuswa mtengo, nsapato imodzi kulibe. Sanakalipe. Anangolongedza chikwama n'kupita kwa mkulu wake ku Chelstone. Ndinagulitsa wayilesi, ndinagulitsa ayironi, ndinagulitsa jekete la ukwati. Munthu amene ndinkalemba mayina a ochimwa oitanidwa kubwalo la mpingo, dzina langa linali tsopano pamwamba pa mndandanda.

Koma choipitsitsa sichinali mowa. Ndikuuzeni ichi chifukwa mwina wina pano chikumuchitikira ndipo akuopa kunena. Ndinayamba kukhulupirira kalata ija. M'mawa ndinkadzuka n'kuyenda wapansi popanda kopita, kudutsa Woodlands, mpaka kukafika ku Kabulonga. Inali nthawi imene mitengo ya jakaranda imachita maluwa, misewu yonse yofiirira pansi ndi m'mwamba, kutentha kukuvina pa phula. Ndinkakhala pansi pa mtengo moyang'anana ndi geti lija, maluwa akundigwera pamapewa, n'kumaona holo ija ndili maso. Azimayi makumi anayi atakhala m'mizere, zitenje zawo ndikuziona bwino, mbale zikutha chakudya, koma nkhope palibe. Ndikayesa kukumbukira nkhope imodzi yokha, chinkabwera ndi dzina, lolembedwa bwino ndi dzanja langa. Ndinkadzifunsa kuti kodi analipodi, kapena ndinawalota? Ndi pamene ndinazindikira, ngakhale mochedwa, kuti masiku asanu onse aja sindinayang'ane munthu kumaso. Ndinkayang'ana pepala. City Market ndinkaizungulira patali, kuopa kuti ndikalowa sindipeza aliyense.

Chimene chinandilowetsa mumsikamo si nzeru ayi, ndi ludzu. Tsiku lina m'nyumba munalibenso chogulitsa, kupatula katoni ya mapepala a ntchito ija, makope a mafomu, kontrakiti, ndi zina. Wina ku shabini anali atandiuza kuti azimayi a mtedza amagula mapepala akale okulungira. Ndinasenza katoni paphewa n'kuyenda mpaka m'tauni.

Munali masana. Mumsika munali phokoso lija la nthawi zonse, makondakitala akuitana, mawilibala akupempha njira, koma ine ndinkamva ngati ndili pansi pa madzi. Ndinaima pa tebulo loyamba la mtedza, maso pansi, n'kufunsa ngati agula mapepala.

"Ba Banda? Ba Banda ba wekishopu?"

Ndinadzutsa mutu. Nkhope. Chipsera chaching'ono pachibwano, mano awiri a kutsogolo otalikirana, maso akuthwa. Anali Amai Zulu, woyamba uja pamzere.

"Ndimwe? Mwayonda bwanji so? Mwenze kudwala?"

Ndinati ndili bwino, ndikugulitsa chabe mapepala. Anandiyang'ana, ndipo ndikudziwa kuti fungo analimva. Anakokera katoni pafupi, n'kutola pepala lapamwamba. Kenako anapisa dzanja m'chitenje, monga anachitira tsiku lija, n'kutulutsa magalasi akale, mwendo umodzi womangidwa ndi ulusi wakuda. Anawavala. Chala chawo chinayamba kutsika pa mndandanda pang'onopang'ono, milomo ikuyenda.

"Tisiyenji Zulu," anatero. "Nine uyu. Koma reji munalakwisa. Apa ni seveni, osati wani."

Abale, ndinawayang'anitsitsa. Ndinati, "Amai, mumawelenga?"

"Nanga nyimbo ku chalichi niimba na mphuno?" anandiyankha. "Siku ija nenze kusakila chabe magalasi. Imwe munanipoka bopeni monga nine mwana. Simunanifunse."

Simunandifunse. Zaka khumi ndi ziwiri ndikudzitcha munthu waulemu, woteteza akuluakulu ku manyazi, ndipo sindinafunsepo ngakhale mmodzi ngati akufuna kulemba yekha. Akulu anati safunsa anadya phula. Ine phula ndinadya ndekha, ndipo ndinadyetsako ndi mkazi wanga.

Ndinakhala pa chidebe chawo chovundikira n'kuwafotokozera zonse, kuti ku Kabulonga akuti iwo kulibe, akuti ndi mizukwa. Kenako anaseka mpaka kugwira tebulo. Anaitana mnzawo wa tebulo la nsomba za kapenta. "Bana Chanda, bwelani mumve. Ati ndise vipuku. Inkuku ija tinadya, ati inadyewa na vipuku." Anabwera awiri, kenako asanu, kenako sindinawerengenso. Anandizungulira, ena akuseka, ena atakwiya ndithu. Ine ndinkangoyang'ana nkhope, imodzi imodzi, zikubwerera m'zitenje zija ndinkaziona pansi pa mtengo. Ndinalira pakati pa msika, ndipo sindichita manyazi kunena.

Pamenepo kasitomala anafika kudzagula mtedza. Amai Zulu anatola pepala lina m'katoni n'kuyamba kulipinda ngati fanulo. Likuzungulira m'zala zawo, diso langa linagwira mutu wa ndime ina, wonena za madandaulo. Ndinawagwira dzanja, ulendo uno ndinapempha kaye. Linali tsamba lachisanu ndi chinayi la kontrakiti. Ndimeyo inkanena kuti wosakhutira ndi chigamulo cha odita angathe kuchita apilo mwa kalata pasanathe masiku makumi asanu ndi limodzi chilandirire chigamulocho, ndipo angapereke umboni wina wosonyeza kuti ntchito inagwiridwa. Pansi pa tsambalo panali siginecha yanga, yokongola monga mwa nthawi zonse. Ndinasaina tsamba limenelo osaliwerenga. Ndinawerenga masiku pa zala pomwepo. Anatsala asanu ndi anayi.

Amai Zulu anandipatsa mtedza m'dzanja, wopanda pepala. "Idyani, muyende mukasambe. Mailo mubwele na mapepala yatsopano. Na bopeni yanga nizabwela nayo neka."

Tsopano mverani zimene ndinachita, chifukwa apa ndi pamene pali phindu lanu. Madzulo omwewo ndinakwera minibasi ya ku Chelstone. Esnart anandilandirira panja, pa mpando wa pulasitiki. Ndinamuonetsa tsamba lija, lili ndi mafuta a mtedza pakona. Analiwerenga kawiri. Anati, "Kunyumba sinibwela manje. Koma kalata nizakuthandizani, ngati muyamba na kukamba chilungamo." Ine ndinkafuna kulemba masamba khumi, za umphawi wanga, za zaka zanga mumpingo, za nkhanza za maodita. Iye anafufuta zonsezo. Anati anthu aja sanakufunseni ngati ndinu munthu wabwino, anakufunsani ngati azimayi analipo.

Choncho kalata inakhala tsamba limodzi ndi theka. Pamwamba tinalemba nambala ya kontrakiti, nambala ya ndime yolola apilo, ndi tsiku limene ndinalandira chigamulo. Tsiku limenelo ndi lofunika, abale. Musataye envelopu, ndipo ngati munasainira m'buku polandira, kumbukirani tsikulo, chifukwa masiku amayambira pamenepo, osati tsiku limene mtima wanu wakhala pansi. Kenako ndinavomera poyera kuti inde, mayina onse ndinalemba ndine, ndinalakwa, ndipo chifukwa chake ndi chakuti. Mawu amenewo anandiwawa kuposa kugulitsa jekete la ukwati. Pambuyo pake tinatenga mfundo za odita imodzi imodzi monga anazilembera iye mwini, ndipo pansi pa mfundo iliyonse tinatchula umboni woiyankha. Zimene sanafunse sitinaziyankhe.

Umboniwo ndinaupeza ndi mapazi. Masiku asanu ndi limodzi ndinakhala mumsika kuyambira m'mawa. Mayi aliyense analemba yekha papepala lake kuti anabwera masiku angati ndipo analandira chiyani, n'kusaina, ndipo tinaphatikizapo fotokope ya reji yake. Amene salemba, ndipo analipo ndithu, khumi ndi mmodzi, anadinda chala pamaso pa mboni, ndipo palibe amene anafa ndi manyazi. Mmodzi anandiuza kuti wakhala akudinda chala kubanki zaka zonsezi, nanga ine ndine ndani. Mapepalawo tinapita nawo kwa wolumbiritsa kuti adinde chidindo. Mwini holo anandipatsa risiti ina ndi kope la buku lake. Azimayi anayi anali ndi zithunzi m'mafoni, akudya, akuseka, ine ndikuoneka kumbuyo nditaweramira tebulo, ndikulemba. Ndipo ndikuuzeni, masiku amenewo dzanja langa linkanjenjemera chifukwa chosiya mowa, moti ngakhale ndikanafuna kulembera munthu sindikanatha. Mulungu amadziwa kumanga munthu pamalo oyenera.

Sindinapeze onse. Mmodzi anali atabwerera kumudzi ku Petauke, foni yake yosagwira. Wina anakana, anati safuna nkhani za maofesi, ndipo ndi ufulu wake. Wachitatu, Amai Daka, wogulitsa vitumbuwa, anali atamwalira miyezi iwiri m'mbuyomo. Esnart anati tilembe zoona, kuti atatuwa tilibe umboni wawo ndipo sitikuwapempherera kanthu. Musamakakamire chilichonse, abale. Mukanama pa atatu mutaya makumi atatu ndi asanu ndi awiri.

Ndinapereka apilo kutatsala tsiku limodzi. Ndinapita ndi makope awiri, ndipo sindinachoke pa kauntala mpaka atadinda chidindo cha tsiku pa kope langa. Chitani chimodzimodzi. Pepala lopanda chidindo limasowa mosavuta m'maofesi.

Patapita milungu itatu anandiitana. Anati ndibwere ndi azimayi asanu amene odita wasankha yekha pa mndandanda, aliyense ndi reji yake, adzasaine pamaso pake. M'maloto anga odita anali chimunthu chachikulu chopanda maso. Ndinapeza mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, Ba Mulenga, wa mawu ofatsa, botolo la madzi pambali. Anatipatsa moni wa Chibemba, n'kupempha azimayi akhale. Sanali mdani wanga. Anali munthu amene anapatsidwa mapepala a dzanja limodzi, ndipo akanakhala ine ndikanaganiza zomwezo.

Anayi anasaina. Womaliza anali Amai Zulu. Anakana cholembera cha ofesi, anatulutsa chawo. Kenako anayamba kufufuza magalasi m'chitenje. Anafufuza uku, anafufuza uku. Kunja maluwa omaliza a jakaranda ankagwera pa galimoto ya munthu. Anawapeza, anawapukuta, anawavala. Anaika cholembera papepala n'kuyamba chilembo choyamba, pang'onopang'ono, lilime lili pakona ya mlomo. Abale, ndinaona dzanja langa lamanja likunyamuka lokha pa bondo. Pambuyo pa zonsezi, likunyamuka ndithu kuti likathandize. Ndinaligwira ndi lamanzere, ndinaliika pansi pa ntchafu, ndinalikhalira. Tisiyenji ndi dzina lalitali. Zilembo zinkakwera ndi kutsika ngati mpanda wa mapesi mvula itawomba. Atamaliza, Ba Mulenga anaika pepalalo pafupi ndi lolumbirira lija, anayang'ana uku ndi uku, n'kugwedeza mutu.

"Ni imozi," anatero.

"Manje chipuku chingayende?" anafunsa Amai Zulu. "Nasiya nshawa pa moto."

Anavomera makumi atatu ndi asanu ndi awiri. Mawu aja oti ndibweze zimene anandipatsa anawachotsa. Chilimba cha Esnart ndinabweza, ndipo iye anabwerera kunyumba mvula yoyamba itagwa, ngakhale mpaka lero kontrakiti iliyonse amaiwerenga iye poyamba, mokweza, tsamba ndi tsamba. Akulu a mpingo anabweretsa buku lija. Ndinawathokoza, koma ndinawapempha alipereke kwa wina.

Chimene sichinabwerere ndi ichi. Ndinapita kukapepesa maliro a Amai Daka mochedwa, ku Kanyama. Mwana wawo wamkazi anandiuza kuti mayi ake anayamba sukulu ya akuluakulu chaka chomwecho, ndipo ankayeserera dzina lawo pa makatoni a ufa. Anandifunsa ngati pa mafomu a maphunziro aja pali pamene mayi ake anasaina, kuti asunge. Ndinali ndi mapepala asanu m'chikwama, dzina lawo lili pa lililonse, kasanu, loongoka bwino, lopanda cholakwika. Sindinawatulutse.

Pakhomo apo pali pepala la mayina a amene mwabwera lero. Atsogoleri anandipempha kuti ndilembe, poti amva kuti ndili ndi dzanja labwino. Ndakana. Cholembera chili pa tebulo, ndi inki ya chala ili pomwepo kwa amene aifuna. Musafulumire. Ine ndiima pambali, ndidikira.